Kuyankha azakhali za diso la agogo

Azakhali, mwaswera bwanji kumeneko? Pepani, ndili ku ntchito, uthenga wanu ndaumvera pompano. Mwati diso lakumanzere la agogo lafiira kuyambira Loweruka, likungotuluka misozi, ndiye mukufunsa ngati mungawapake mafuta a m'maso a tetracycline aja anatsala kwa mwana. Ayi, musawapake.

Kufiirako sikukundiopsa kwenikweni. Chandigwira mtima ndi chija mwanena mongodutsa, choti akungobindikira m'nyumba, chipewa chili kumaso. Agogo amenewa, ndi kuzizira kwa ku Linthipe kuja, kusiya kuothera dzuwa pakhonde? Eee, ndiye kuti kuwala kukuwalasa m'diso.

Pinki ayi uja anavuta mu 2024 mukumukumbukira: maso onse awiri, kuyabwa ngati mwalowa mchenga, manthongo kumata zikope m'mawa, koma ukapukuta umaona bwinobwino. Izi ndi zina. Diso limodzi, lopweteka mkati, loopa kuwala, kawirikawiri ndi chilonda cha pa galasi la diso, kapena kutupa kwa mkati mwenimweni kumene madokotala amati uveitis. Mafuta opaka aja mkatimo sathandiza.

Tayesani izi. Atseke diso labwinolo ndi chikhatho, inu muime chapatali, muwaonetse zala, awerenge. Kenako muyang'ane kamwana ka diso, kakuda kapakati kaja, muone ngati kachepa kuposa ka diso linalo. Mundiuze.

Koma kaya awerenga kaya alephera, mawa apite. Ku Nkhoma kuli chipatala cha maso, mukatsikira pa Kamphata. Apo ayi, pa chipatala cha boma ku Dedza mukafunse wa maso. Akawadonthezera mankhwala achikasu n'kuunika ndi kuwala kwa buluu, ngati pali chilonda chimaoneka chobiriwira. Ndiye pali makina oika chibwano aja, amaona mpaka mkati.

Kuyezaku n'kofunika chifukwa mankhwala a kutupa kwa mkati, monga prednisolone kapena dexamethasone, ukawathira pa diso la chilonda, chilondacho chimatha kukula mpaka diso kubooka. N'chifukwa chake odontheza obwereka kwa aneba ndikukana. Mkaka wa m'mawere, madzi a shuga, timadzi ta masamba, zonsezo ayi. Ndikudziwa alipo wina abwera nazo madzulo ano, mumuthokoze basi.

China, mwina akawatenga magazi kuyeza chindoko ndi HIV, mwinanso chifuwa chachikulu. Muwafotokozere pasadakhale, mukuwadziwa agogo, angakwiye kuti akuwanyoza. Amayezanso ena ambiri, chifukwa matenda amenewa amatha kuonekera m'diso munthu osadziwa. Mukanenenso ngati anadwalapo mashingozi kumaso.

Akawapatsa atropine, kamwana ka diso kadzakula, zapafupi zidzaoneka mbuu kwa masiku angapo. Asadzataye botolo n'kumati mankhwala awononga diso, ndi mmene amagwirira ntchito, amaletsa zamkatimo kumatirirana. Odontheza a kutupa kwa mkati aja asadzasiye okha diso likayera. Amachepetsa pang'onopang'ono, ndipo tsiku lobwerera asadzalumphe, chifukwa mankhwala omwewo amatha kukweza mphamvu ya madzi m'diso, ena mpaka ng'ala.

Usiku uno Panado yekha akwanira. Buku lawo la kuchipatala musaiwale, ndi mankhwala onse amene akumwa. Ya thiransipoti ndikutumizirani pa Mpamba ndikangoweruka. Achimwene, ndaona mwamvera uthenga wa azakhali osayankha, mawa ndinu muwaperekeze pa njinga yamoto mpaka pa msewu.