Mafayilo akukana kukwera pa Amazon S3: vuto ndi kiyi kapena chilolezo?

Kalata ya sabata ino yachokera kwa m'bale wina amene amasamalira makompyuta pa ofesi yaing'ono. Usiku uliwonse kapulogalamu kake kamakweza kope la database ku Amazon S3, malo osungirako mafayilo pa intaneti a kampani ya Amazon. Kanangosiya kugwira ntchito, uthenga wake n'kumati SignatureDoesNotMatch. Atapanga makiyi atsopano, uthenga unasintha n'kukhala AccessDenied. Akufunsa ngati angopereka mphamvu zonse za AdministratorAccess kuti nkhani ithe. M'kalatamo waikamonso access key ndi secret key yake, makiyi awiri amene pulogalamu imadzizindikiritsa nawo kwa Amazon, kuti ndimuonere.

Achimwene, musanachite china chilichonse, kiyi mwanditumizirayo muizimitse lero lomwe mu IAM, gawo la Amazon loyang'anira makiyi ndi zilolezo, mupange ina, kenako mufufute yakaleyo. Secret key ikangodutsa pa imelo kapena pa WhatsApp, chinsinsi chatha. Alipo anthu amene ntchito yawo n'kusaka makiyi otayika n'kumayatsa makina odula pa akaunti za eni ake, ndipo bilu yake imabwera m'madola.

Mauthenga awiri mwalandirawo akunena za matenda awiri osiyana. S3 ili ngati mlonda wa pageti: amayamba waona chiphaso kuti adziwe kuti ndinu ndani, akatero ndiye amaona ngati dzina lanu lili pa mndandanda wa oloredwa kulowa. SignatureDoesNotMatch ndi vuto la chiphaso. AccessDenied kawirikawiri imatanthauza kuti akudziwani, koma chimene mukufuna kuchitacho simunaloredwe.

Secret key siiyenda pa intaneti. Pulogalamu yanu imaigwiritsa ntchito powerengera siginecha ya pempho lililonse, nayenso Amazon amawerengera yake, ndipo ziwirizo zikasiyana pempho limakanidwa. Nthawi zambiri cholakwika chimakhala chaching'ono: mpata wotsalira kumapeto pokopera, kapena chilembo chimodzi chodumphidwa. Werengani zilembo. Access key ID imakhala ndi zilembo 20 ndipo ya nthawi yaitali imayamba ndi AKIA, pomwe secret key imakhala ndi zilembo 40. Mu secret key mumapezeka zizindikiro / ndi +, zimene zimasokonekera mukaika kiyiyo mkati mwa URL. Access key ID ikayamba ndi ASIA, dziwani kuti ndi ya kanthawi kochepa: imafuna chiphaso china chotchedwa session token pambali pake, ndipo nthawi yake ikatha mudzaona ExpiredToken. Amazon akapanda kuizindikira n'komwe ID yanu, uthenga umakhala InvalidAccessKeyId.

Pamene ambiri amatayapo tsiku lathunthu ndi apa: kusintha kiyi pamalo ena pomwe pulogalamu ikuwerenga pena. AWS CLI, pulogalamu yotumizira malamulo ku Amazon, imayamba yaona ma environment variable (mayina osunga zoikika pa kompyuta), AWS_ACCESS_KEY_ID ndi AWS_SECRET_ACCESS_KEY, isanafike pa fayilo ya ~/.aws/credentials. Ngati kiyi yakale inatsalira mu variable, mungakonze fayiloyo kangapo konse osaona kusintha. Komanso mwati kapulogalamu kanu kamayenda usiku. Ngati kamayendetsedwa ndi cron (pulogalamu yoyambitsa ntchito pa nthawi yoikika) ya root, user wamkulu wa makinawo, kamawerenga /root/.aws/credentials, osati fayilo imene inu mumakonza mukalowa ndi dzina lanu. Lowani monga user yemwe amayendetsa kapulogalamuko, mulembe aws configure list, ndipo muona kumene kiyi ikuchokera. Kenako lembani aws sts get-caller-identity. Lamulo limeneli silifuna chilolezo chapadera, ndipo limakuuzani akaunti ndi dzina limene Amazon akukuonani nalo.

Muyang'anenso wotchi ya makinawo. Siginecha imakhala ndi nthawi mkati mwake, ndipo S3 imakana pempho limene lasiyana ndi wotchi yake ndi mphindi zoposa 15, uthenga wake RequestTimeTooSkewed. Kwathu kuno zimenezi si zachilendo: magetsi akazima, kompyuta yakale imene kabatire kake ka CMOS, kosunga nthawi, kanatha imadzuka ndi deti lolakwika. Ngati wina anakonza wotchi pamanja koma time zone ili pa UTC, nthawi imene dziko lonse limayezerapo, makinawo asemphana ndi maola 2, popeza Malawi ali patsogolo pa UTC ndi maola amenewo. Yatsani NTP, njira yotengera nthawi pa intaneti, kuti wotchi izidzikonza yokha.

Tsopano pa AccessDenied. Ine ndikuganiza kuti makiyi atsopanowo munawapangira user wina amene alibe policy yoyenera, kutanthauza mndandanda wa zimene waloredwa kuchita, ndipo get-caller-identity ikuuzani ngati ndi choncho. Kukweza fayilo mu bucket, nkhokwe ya mafayilo anu pa S3, kumafuna chilolezo cha s3:PutObject, ndipo Resource yake mu policy iyenera kuthera ndi /* motere: arn:aws:s3:::dzina-la-bucket/*. Tizizindikiro tiwiri timeneti tikasowa, chilolezocho chimaloza bucket yokha osati mafayilo a m'kati mwake. Ngati mumagwiritsa ntchito aws s3 sync, pakufunikanso s3:ListBucket, ndipo iyoyo imaloza bucket popanda /*. Bucket ikakhala yotsekedwa ndi kiyi yanu ya KMS, gawo la Amazon losunga makiyi obisira mafayilo, user wanu afunikanso kms:GenerateDataKey, kuphatikizapo kms:Decrypt pa mafayilo akuluakulu amene amakwera m'zidutswa.

Muonenso ngati m'kapulogalamumo muli --acl public-read, mzere wolola aliyense kuona fayiloyo. Kuyambira mu Epulo 2023, bucket iliyonse yatsopano imabadwa ma ACL (zilolezo za fayilo iliyonse payokha) ali ozimitsa ndipo Block Public Access, yoletsa kuti mafayilo aonekere kwa aliyense, ili yoyaka, choncho mzere umenewo umabweretsa kukanidwa. Uchotseni. Kope la database ya ofesi silofunika kuonekera kwa aliyense. Ndipo ngati mwasankha region ya Cape Town, af-south-1, imene inatsegulidwa mu 2020, kumbukirani kuti imafuna kuyatsidwa kaye pa akaunti yanu.

Za AdministratorAccess, yankho langa ndi ayi. Mwina sizingathandize n'komwe, chifukwa Deny yolembedwa mu bucket policy imapambana Allow iliyonse. Zitati zathandiza, ndiye kuti kiyi yokhala mu fayilo pa kompyuta ya mu ofesi yakhala ndi mphamvu yofufuta chilichonse pa akaunti, kuphatikizapo makope amene mukuvutikira kusungawo. Mupatseni user ameneyo PutObject ndi ListBucket pa bucket imodzi yokhayo basi.

Zikakanikabe, munditumizire zimene get-caller-identity yatulutsa, policy ya user wanu ndi bucket policy, mutabisa nambala ya akaunti. Makiyi musaikemo.