Achimwene, inde timaibwezadi m'madzi

Imelo yanu ndinailandira Lachiwiri usiku, achimwene, ndipo ndakhala nayo sabata yathunthu osayankha. Mwati mwafika kuno ku Scotland chaka chino, mnzanu wa kuntchito wakuitanani kuti Okutobala uno mukawedze nsomba ya salmon ndi fly (mbedza yovekedwa nthenga), ndiye mukufuna kudziwa zoti mugule. Koma kumapeto mwaikako kafunso kena: "Kodi n'zoona kuti ukaigwira umaibwezanso m'madzi? Ngati n'choncho, bwanji osangogona kunyumba?" Kafunso kameneka ndi kamene kandichedwetsa, chifukwa mawu omwewo ndinawanenapo ine ndi pakamwa pangapa, nditaima m'madzi ofika m'chiuno, ndikunjenjemera, kaya ndi kuzizira kaya ndi ukali.

Ine ndinakulira ku Nkhotakota. Kwathu nsomba ndi ndiwo, basi. Palibe amene amalawirira m'bandakucha kupita kunyanja kukasewera. Agogo anga aamuna anali ndi mono wawo ndi matchera awo, ndipo mwana akabwera kumadzi chimanjamanja ankamufunsa kuti, "Nanga unakasamba?" Ndiye mutha kuona mutu umene ndinabwera nawo kuno.

Chaka changa choyamba ndinachita zochititsa manyazi. Ndinagula ndodo yotchipa, ndinakumba nyongolotsi kuseri kwa nyumba, Lamulungu titangoweruka kutchalitchi n'kulunjika kumtsinje wina umene ndinkauona ndili m'basi. Lisanathe theka la ola kunatulukira bambo wina wa jekete yobiriwira n'kundifunsa chilolezo. Ndinamuyang'ana kukamwa kuli yasa. Chilolezo cha mtsinje wa Mulungu? Anandifotokozera mofatsa kuti ndalakwa pawiri. Kuno kuwedza salmon kapena sea trout, nsomba inanso yochoka kunyanja yamchere n'kukwera mitsinje, popanda chilolezo cholembedwa chochokera kwa mwini malowo ndi mlandu wa kukhoti, komanso Lamulungu nsomba ziwirizi siziwedzedwa n'komwe, ngakhale utakhala ndi mapepala onse. Ataona nyongolotsi zanga m'chitini cha nyemba anangopukusa mutu n'kundiuza kuti ndizipita. Mtsinje uliwonse kuno uli ndi eni ake, anaugawa zigawozigawo zimene amazitcha beat, ngati mmene timagawanirana madimba.

Ndinadzatonthozeka nditamva nkhani imene imakambidwa ya David Livingstone ali mnyamata ku Blantyre wa kunoyu, m'mbali mwa mtsinje wa Clyde. Akuti anagwira salmon mozemba n'kuibisa m'mwendo wa buluku la mng'ono wake Charles, anthu m'mudzimo n'kumamumvera chisoni mwanayo poganiza kuti mwendo watupa. Ndiye sindinali woyamba ine. Mu Clyde momwemo salmon inadzatheratu chifukwa cha nyansi za m'mafakitale, kwa zaka zoposa 100, n'kudzayambanso kuoneka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 madzi atayera.

Kenako ndinalowa kalabu ya asodzi ya m'tauni yathu ino, ndipo mkulu wina wopuma pantchito ananditenga ngati mwana wake. Ndi iye anandiphunzitsa fly. Fly ndi mbedza chabe yovekedwa nthenga ndi ubweya, yopanda nyambo, yopepuka moti sungaiponye payokha. Cholemera ndi chingwe. Ndodo yake ndi yaitali mamita anayi kapena kuposa, umaigwira ndi manja awiri, ndipo sukokera chingwe kumbuyo kwako chifukwa kumtunda kuli mitengo. Umachizunguliza pambali panu, n'kuchitambasula pamwamba pa madzi ngati mphasa. Kaponyedwe kameneka anakatcha dzina la mtsinje wa Spey. Ukaponya chopingasa, umaleka madzi aikokolole fly ija mpaka ifike kumbali yako, n'kusuntha phazi limodzi kutsika ndi mtsinje, n'kuponyanso. Tsiku lonse ntchito yake ndi imeneyo. Ine ndinachita zimenezi zaka ziwiri osagwira kanthu. Mayi a kunyumba anafika posiya kundifunsa.

Chimene chinandizunguza mutu kwambiri n'chakuti salmon ikalowa mumtsinje sikudyanso. Imaswedwa m'nsangalabwi za kumtunda kwa mtsinje, imakhala momwemo zaka ziwiri kapena zitatu ili yaing'ono ngati chala, kenako imatsikira kunyanja yamchere n'kupita kutali, zina mpaka ku Greenland, kukanenepa. Ikamabwerera kumtsinje umene inabadwira, imadalira mafuta a m'thupi mwake mpaka itaikira mazira cha mu Novembala ndi Disembala. Ndiye iwe ukuiponyera nthenga nsomba yosala kudya. Ena amati imaluma chifukwa cha ukali, ena amati imakumbukira zimene inkadya kunyanja, ndipo asodzi akakhala pa mowa amakangana za izi mpaka kutseka bala.

Chaka chachitatu, sabata yomaliza ya Okutobala, mvula inagwa masiku awiri, madzi anakwera, kenako anayamba kutsika ali ndi mtundu wa tiyi wopanda mkaka. Mkulu uja anandiimbira foni: "Lero usapite kwina." Masamba ofiira anali mbwee pamadzi, ndipo fly yanga imangokola masambawo. Cha m'ma 3 koloko, fly ikudutsa kumchira kwa dziwe, chingwe chinangolemera pang'onopang'ono. Ndinayesa tsamba lina. Kenako chinayamba kuyenda chokha, chikunka pakati pa mtsinje. Mkulu uja ali kumtunda anakuwa kuti ndisakoke, ndingotukula ndodo. Zimenezo n'zovuta kwa munthu wa kwathu, ife tinazolowera kuti ikangogunda umazula nthawi yomweyo. Ukatero ndi salmon umaichotsa fly m'kamwa.

Tinalimbana kwa mphindi zingapo zimene kwa ine zinali ngati tsiku. Italowa mu ukonde wa mkuluyo ndinaiona bwino: yaimuna, yotalika ngati mkono wanga wonse, yofiirira ndi mawanga ngati nsalu, chibwano cha m'munsi chitapindika ngati ngowe. Ine m'mutu ndinali nditaidula kale magawo anayi, mutu wa msuzi, mchira wootcha. Ndinkamva fungo la nsima. Mkulu uja anagwada m'madzi, anachotsa fly ndi kapulayazi, n'kunena kuti, "Igwire kumchira, uiloze kumene madzi akuchokera." Ndinayesa akufuna kujambula. Ayi ndithu. Amati ndiigwire mpaka ipeze mphamvu, ipite.

Apa m'pamene ndinanena mawu anu aja, achimwene, ndi ena amene sindingalembe pano. Zaka zitatu! Ndalama za kalabu, za mafuta, nsapato, chimfine! Iye sanakweze mawu. Anangondionetsa mtundu wa nsombayo n'kunena kuti yakhala mumtsinje miyezi, nyama yake yafewa kale, ndipo kwatsala masabata ochepa kuti ikakumane ndi yaikazi kumtunda. Ndinaigwira kumchira monyinyirika. Ndinkamva thupi lake likugunda m'dzanja langa, mwapang'ono, kenako mwamphamvu, kenako inangodzikoka kamodzi n'kuzimirira. Ndinafika kunyumba ndili duu. Mayi a kunyumba anaona chithunzi pafoni n'kufunsa funso limodzi lokha: "Ndiye ili kuti?" Tinadya mazira.

Usiku umenewo tulo sitinabwere, ndipo chimene chinandibwerera m'mutu ndi mpasa. Mumaidziwa mpasa? Azungu anaitcha lake salmon, ngakhale pachibale ili kutali ndi salmon, chifukwa khalidwe ndi limodzi: imakulira m'nyanja ya Malawi, n'kukwera mitsinje monga Bua ndi North Rukuru kukaikira mazira pa nsangalabwi. Agogo ankasimba za nthawi imene mpasa inkakwera yambiri moti mudzi wonse unkanunkha nsomba zowamba. Ine pamene ndinkakula, mpasa inali kale nsomba yoti ikapezeka uthenga umafika kwa aneba. Nanga inapita kuti? Tinkaitchingira pakamwa pa mtsinje ili ndi mazira m'mimba. Ena ankathira katupe m'madziwe. Mitengo ya kumtunda itatha, matope anakwirira nsangalabwi zija. Mu Bua inapulumukako chifukwa mtsinjewo umadutsa m'nkhalango yotetezedwa ya Nkhotakota. Ndipo ndikukumbukira ndili mwana ndikulimbirana mazira a mpasa m'mbale ndi azisuweni anga, tikuti ndiwo zonona.

Sindikunyoza agogo. Iwo ankadyetsa banja, panalibe sitolo ya Tesco pakona. Koma ine ndi inu, amene tili ndi malipiro ndi firiji, tilibe chodzikhululukira. Ndinene mosapsatira: munthu amene wapha salmon yofiira ya mu Okutobala, makamaka yaikazi yodzaza mazira, wadya mbewu. Mu Disembala 2023 bungwe la IUCN, loona za chitetezo cha zachilengedwe padziko lonse, linaika salmon ya ku Britain m'gulu la zamoyo zimene zili pangozi yotha. Kuyambira 2016 boma la Scotland limaika mitsinje m'magulu atatu chaka ndi chaka potengera mmene salmon zilili m'mitsinjemo, ndipo ya m'gulu lachitatu, yomwe ndi yambiri, lamulo limati nsomba iliyonse ibwerere m'madzi. Kugulitsa salmon yogwidwa ndi ndodo n'koletsedwanso. Ndikudziwa, si msodzi wa ndodo amene wathetsa nsombazi. Nyanja yatentha, madamu atseka njira, nsabwe za m'makola oweteramo salmon kugombe la kumadzulo zikupha tiana tikamatsika. Koma imene yapyola zonsezo n'kufika padziwe langa ndi yomweyo imene ikufunika kumtunda.

Amene amandinyansa kwambiri tsopano ndi aja amati amabweza, koma amayamba aikokera pamiyala, kuinyamula m'mwamba ndi manja ouma, kujambula kasanu kuti aike pa Facebook, kenako n'kuiponya ngati chikuni. Bola amene wapha n'kudya, sanamize munthu.

Mwatchulanso nsomba ya steelhead, kuti munaiona pa YouTube. Imeneyo musaifune kuno. Kwawo ndi kugombe la Pacific la Canada ndi America, mitsinje ngati Skeena ku British Columbia ndi Deschutes ku Oregon. Chosangalatsa n'chakuti mwina munaionapo mbale wake osadziwa. Trout imene atsamunda anaika m'timitsinje ta paphiri la Zomba ndi m'madamu a ku Chelinda pa Nyika ndi rainbow trout, ndipo steelhead ndi rainbow trout yomweyo, kungoti iyo inapita kunyanja yamchere n'kubwerako itakula. N'chimodzimodzi sea trout ya kuno: ndi brown trout, trout ya m'mitsinje ya kuno, imene inapita kutheba. Imeneyi amaiwedza bwino usiku, mu Juni ndi Julayi. Pofika Okutobala nayonso imakhala itada, ndipo mukaigwira mwangozi mubweze.

Tsono zoti mugule

Musagule kanthu. Ndikunena zoona. Ulendo woyamba bwerekani ndodo kwa mnzanuyo, aliyense wa masewerawa ali nazo zingapo zimene mkazi wake sazidziwa. Mufunseni kuti chilolezo chanu chili m'manja mwa ndani ndipo muchione ndi maso, komanso kuti mtsinjewo utseka liti, chifukwa masiku amasiyana: Spey imatseka pa 30 Seputembala, Tay pa 15 Okutobala, pamene Tweed imafika mpaka 30 Novembala ndipo kuyambira pa 15 Seputembala ndi fly yokhayokha. Mukawolokera ku England mufunikanso laisensi ya bungwe la boma la Environment Agency. Malo otchuka ngati Junction Pool ku Kelso, pamene Teviot imathira mu Tweed, amadya mapaundi mazanamazana pa tsiku, koma makalabu a m'matauni ali ndi matikiti oti munthu wa malipiro athu angakwanitse. Fly ziwiri zikukwanani, Ally's Shrimp ndi Cascade, zonse za mtundu wa lalanje umene umaoneka bwino m'madzi a tiyi aja. Finyani kandevu ka mbedza ndi pulayazi kuti izichoka msanga.

Chinthu chimodzi chokha musabwereke chosakukwanani, ndi buluku lija la labala lofika pachifuwa, ndipo mumange lamba m'chiuno pamwamba pake. Ine ndinaterereka pamwala mu Novembala wina ndilibe lamba, madzi analowa mpaka kumapazi, ndinatuluka chokwawa ngati ng'ona, foni itafa, makiyi a galimoto ali m'thumba lonyowa. Valani jekete yoyandamitsa, tengani ndodo yoyendera m'madzi, ndi magalasi kuti fly isakuboole diso mphepo ikatembenuka. Musaiwale fulasiki ya tiyi.

Ndipo muwauziretu alamu kuti aphike nyemba tsiku limenelo.