Tyson akanamugwetsa Ali? Yankho langa silikusangalatsani

Mkulu wina amene amawerenga zolemba zanga wanditumizira imelo. Akuti pa bawo mkangano sukutha: iye amati Mike Tyson ali pachimake akanamupha Muhammad Ali raundi yachitatu isanakwane, komanso Floyd Mayweather ndiye mfumu ya onse poti sanagonjepo. Anzake amamutsutsa, ndiye akufuna ndiweruze.

Achimwene, mwandiika pamoto, koma ndiyankha.

Ambirife Tyson tinamudziwira m'nyumba zoonetsera mavidiyo, pa matepi oonetsa anthu akugwa motsatizana ngati nthochi zodulidwa. Vuto la tepi yotere ndi loti siikuuza kuti wogwayo anali ndani. Kuopsa anali woopsadi. Mu 1986, ali ndi zaka 20 zokha, anagwetsa Trevor Berbick m'raundi yachiwiri n'kutenga lamba wa gulu la olemera kwambiri. Koma taonani mayina akuluakulu amene anawamenya. Larry Holmes anali ndi zaka 38, atapuma nkhonya pafupifupi zaka ziwiri. Michael Spinks, uja anatha m'masekondi 91 mu 1988, anachita kukwera kuchokera ku gulu la opepukirapo.

Tsono ku Tokyo mu 1990 anakumana ndi Buster Douglas, munthu wamtali amene sanalowe m'bwalo akunjenjemera. Douglas ankamugogoda ndi dzanja lamanzere ali patali, Tyson diso n'kutupa. M'raundi ya 10 Tyson anali chogwada, akufufuza pansi chotetezera mano chake, n'kuchilowetsa mkamwa mopingasa woyimbira akuwerenga. Chithunzi chimenecho matepi athu aja analibe. Kenako Evander Holyfield anamugonjetsa kawiri (kachiwiriko ndi kaja Tyson anamuluma khutu), Lennox Lewis n'kumumaliza mu 2002. Mwa onse amene anamugonjetsa, palibe ndi mmodzi yemwe amene Tyson anabwerera kukamubwezera.

Ali anagonja kasanu, inde. Koma Joe Frazier atamugonjetsa mu 1971, Ali anamubwezera kawiri. Ken Norton anamuthyola chibwano mu 1973, chaka chomwecho Ali n'kupambana nkhonya yobwereza. Ndipo musaiwale kuti kuyambira 1967 mpaka 1970 anamuletsa kumenya chifukwa chokana kulowa usilikali pa nthawi ya nkhondo ya ku Vietnam, zaka zimene miyendo yake inali yothamanga koposa. Ku Kinshasa mu 1974 anali ndi zaka 32, ndipo anthu ankamuopera moyo, chifukwa George Foreman anali atagwetsa Frazier kasanu ndi kamodzi m'maraundi awiri okha. Ali anatsamira zingwe, manja kumaso, akumunong'oneza zomuputa m'khutu, mpaka chimphonacho chinatha mpweya n'kugwa m'raundi ya 8. Munthu amene sanaope Sonny Liston ndi Foreman akanamuopa bwanji Tyson?

Apa pokha ndikuvomerezani. Ali ankakodwa ndi chibakera chamanzere chokhota: Henry Cooper anamugwetsa nacho mu 1963, Frazier mu 1971. Tyson chibakeracho anali nacho, liwiro lake loposa la Frazier. Maraundi anayi oyamba ine ndikanaonera nditagwira mtima. Akangodutsa pamenepo, nkhonya ndi ya Ali, makamaka ikakhala ya maraundi 15 monga ankamenyera nthawi yake. Za maraundi 12 za masiku anozi zinabwera Kim Duk-koo atamwalira chifukwa cha nkhonya yake ndi Ray Mancini mu 1982.

Za Mayweather sinditaya nthawi. Luso lozemba zibakera ali nalo, wotsutsa ndi wansanje. Koma nkhonya 50 m'zaka 21, akusankha yekha womenyana naye ndi nthawi yake, si chinthu choyerekeza ndi Sugar Ray Robinson amene anamenya pafupifupi 200. Mu February 1943 Jake LaMotta anamugonjetsa Robinson. Patatha masabata atatu Robinson anali atabwezera kale, atamenyanso nkhonya ina pakati. Mayweather anakumana ndi Manny Pacquiao mu 2015, anthu atadikira zaka zisanu, ndipo 50 anaikwanitsira pa Conor McGregor, katswiri wa ndewu zosakaniza zibakera, mateche ndi kugwetsana (MMA), amene iyi inali nkhonya yake yoyamba yolipidwa ya zibakera zokhazokha.

Anzanu ena akuuzani kuti akale anali ochepa thupi. Pa Rocky Marciano n'zoona: ankalemera makilogalamu pafupifupi 85, ndipo lero sakanaikidwa n'komwe m'gulu la olemera kwambiri. Koma Oleksandr Usyk, wa thupi losasiyana kwenikweni ndi la Ali, anagonjetsa chimphona Tyson Fury kawiri mu 2024.

Mukafuna dzina lomuopseza nalo Ali pa bawopo, siyani Tyson, tchulani Lennox Lewis. Wamtali, wolemera, wodekha, dzanja lamanja ngati nyundo. Anagonja kawiri kokha, kwa Oliver McCall ndi kwa Hasim Rahman (kwa Rahman kunali ku South Africa mu 2001), ndipo onse awiri anawabwezera. Aliyense amene analowa naye m'bwalo pa nkhonya zolipidwa anamugonjetsapo. Anthu samutchula poti sankachita phokoso. Ameneyo ndi Ali, ndalama yanga ndikanaibweza m'thumba.