Musamuiwale Umapada poweruza Charu

Mayi wina anafunsa za filimu ya ku India yotchedwa Charulata, ndipo nonse amene mwawayankha mayiwa mukulimbana zoti wolakwa mu filimuyi ndi Charu kapena mwamuna wake Bhupati, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene watchula Umapada, mchimwene wake wa Charu, chonsecho iyeyo ndiye anagwetsa nyumba ija. Wokonza filimuyi, Satyajit Ray, potenga nkhani ya Nastanirh imene mlembi Rabindranath Tagore anatulutsa mu 1901 n'kuisandutsa filimu mu 1964, sanamuike munthuyu pachabe. Bhupati anali atamira mu ntchito ya nyuzipepala yake ya Chingerezi, The Sentinel, ku Calcutta cha m'ma 1879, ndipo ataona kuti mkazi wake akusungulumwa anaitanitsa mlamu wakeyo pamodzi ndi Manda, mkazi wa mlamuyo, n'kumusiyira Umapada makiyi ndi mabuku a ndalama. Usiku umene Bhupati ndi anzake ankakondwerera kupambana kwa chipani cha Liberal pa zisankho za ku Britain, Umapada anali kuseri akukokolola ndalama.

Chigawo chimene wogulitsa mapepala akuuza Bhupati kuti ngongole sinalipidwe sinditha kuchionera mtima uli m'malo, chifukwa zinandionekera ndi maso angawa. Ndinali ndi malo osindikizirapo makadi a ukwati ndi mapulogalamu a maliro, ndipo kashala wanga anali mchimwene wake wa mayi a kunyumba, amene ndinamulemba ntchito apongozi atandidandaulira kuti mwana akungokhala. Tsiku lina masana kunabwera bambo amene ankatipatsa mapepala ndi inki pangongole, atanyamula buku lake, ndipo makasitomala ali pomwepo anati sachoka popanda ndalama zake. Ndinawayankha molimba mtima kuti tinalipira kale, ndinatsegula dirowa n'kutulutsa malisiti. Bambowo anangowayang'ana kamodzi n'kunena kuti chidindocho si chawo. Malisiti onse anali olembedwa ndi dzanja la mlamu wanga, m'kabuku kamene anagula yekha kumsika. Mayi a kunyumba anali ataima pakhomo ndi chakudya changa m'manja, ndipo anamva zonse. Mlamuyo anali atatsanzika m'mawa kuti akupita kukaona wodwala, ndipo foni yake sinapezekenso.

Chimene chimandipweteka mpaka lero ndi chakuti akuluakulu a kuchikazi atakhala pansi anati za m'banja sizipita kupolisi, ndipo munthu amene anandisiya ndi ngongole ija amabwera pamaliro ndi pamaukwati atavala suti, n'kumandipatsa moni wa dzanja ngati palibe chinachitika. Sanapepese ngakhale kamodzi. Makina ndinagulitsa, ndipo kwa nthawi yaitali ine ndi mkazi wanga tinkalankhulana ngati alendo, iye akuchita manyazi ndi m'bale wake, ine ndikulephera kumuyang'ana osakumbukira nkhope ya wakubayo.

N'chifukwa chake ndikuti onerani bwino dongosolo la zochitika. Chikondi cha Charu ndi Amal, msuweni wa Bhupati, chinamera pa zolembalemba m'munda muja muli katungwe, ndipo sichinafike pochita chonyansa. Amal, amene Soumitra Chatterjee anamusewera, anathawa usiku Bhupati atangomudandaulira za kusakhulupirika kwa Umapada, poopa kuti nayenso akumubera m'bale wake chinthu choposa ndalama. Kuchoka kumeneko ndiko kunachititsa kuti Charu, amene Madhabi Mukherjee anamusewera, adzagwe pabedi akulira ndi kalata ya Amal, mwamuna wake n'kumupezerera. Pamapeto Ray anaimitsa chithunzi manja a Charu ndi Bhupati asanakhudzane, pamene m'nkhani ya Tagore Bhupati akunyamuka kupita ku Mysore ndipo Charu, ataona kuti mwamunayo akukayika zomutenga, akusankha kutsala.

Kwa inu mayi amene mwafunsa, ngati bambo a kunyumba ali ndi bizinesi, musalole kuti wachibale wa mbali iliyonse agwire ndalama popanda womuyang'anira. Komabe musawasiyenso kuti azichita zonse okha mpaka usiku monga Bhupati, chifukwa nyumba imazizira. Apeze munthu wodalirika wowathandiza, ndipo kunena zoona munthu wotereyu nthawi zambiri amapezeka pachibale pomwepo, kungoti malisiti muziwaona nonse awiri mwezi uliwonse, ndipo muziimbira foni mwini katundu kuti atsimikize kuti ndalama yafikadi.