Nyama yonona ndi khansa ya m'mawere

Achemwali, mwafunsa ngati kusiya nyama yonona n'kumadya zotendera kungakutetezeni ku khansa ya m'mawere. Pa thanzi la mtima n'kwabwino ndithu, koma pa khansayi si katemera ayi. Ku America ofufuza anatsatira amayi oposa 48,000 amene anasiya kusamba, ndipo kwa amene anachepetsa mafuta m'zakudya khansayi sinachepe kwenikweni.

Choopsa kwambiri ndi kunenepa mukasiya kusamba, chifukwa mafuta a m'thupi amapanga mahomoni achikazi otchedwa estrogen, omwe amakulitsa mitundu yambiri ya khansayi. Mowa nawonso umawonjezera chiopsezo, pomwe kuyamwitsa kumachichepetsa.

Ine soseji ndi nkhumba yootcha ndinachepetsa. Mnkhwani wotendera ndi usipa ndiye ndiwo zanga, ndipo mapeyala akayamba sindiwasiya. Koma mukamva kachotupa m'bere, thamangirani kuchipatala.