Ana sakulowa mulaibulale, kodi kalabu ya owerenga ingathandize?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa aphunzitsi ena a sitandade 6 ku Ntcheu. Akuti bungwe lina linawapatsa makatoni anayi a mabuku, anasesa kachipinda kena nkukasandutsa laibulale, koma ana sakupondamo, makamaka anyamata. Ndiye akufunsa ngati kuyambitsa kalabu ya owerenga kungathandize komanso ayambire pati.

Madamu, yambitsani ndithu, koma chonde isakhale ngati kalasi ina. Anawa akhala akukuwa ndi bolodi kuyambira m'mamawa, ndiye mukadzati aliyense akamaliza buku alembe zomwe wamva kuti muchonge, basi tsiku lachiwiri mudzapezeka nokha ndi ana atatu omwe aja amakhala nambala wani kale. Mwana amene amati mabuku ngotopetsa nthawi zambiri si ulesi ayi, ndi manyazi. Anangofika sitandade 5 maphunziro ambiri nkusanduka a Chingerezi iye akadadodomabe ndi Chichewa chomwe, akati awerenge mokweza anzake kuseka, ndiye anaona kuti bola kungonena kuti sindifuna.

Ine ndili mphunzitsi ndinali naye mnyamata wotero, wamtali kuposa anzake onse chifukwa anabwereza kawiri, amakhala kumbuyo kwenikweni. Tsiku lina ndinabwera ndi Tamvani wa mu Weekend Nation, munali nkhani ya Maule ndi Manoma, ndinangoyisiya patebulo osanena kanthu. Ndikutuluka ndinamuona waigwira, chala chikuyenda pansi pa mawu, milomo ikugwedera pang'onopang'ono, anzake awiri amuzungulira akumufunsa kuti wagoletsa ndani. Nkhani ya ndime zisanu inamutengera buleki yonse koma anaimaliza. Kuwerenga ndi komweko madamu, olo ikhale nyuzipepala yakale, olo buku la zithunzi lomwe inu mukuona ngati ndi la ana a sitandade 2, musamunyoze.

Mukumbukire William Kamkwamba wa ku Wimbe ku Kasungu. Anasiya sekondale chifukwa chosowa fizi nthawi ya njala ya 2001 ndi 2002, nkumakabwereka mabuku pa kalaibulale ka pa pulaimale ya kwawo. Chingerezi chinkamuvuta, ankatsatira zojambula za m'buku la sayansi lotchedwa Using Energy mpaka anapanga makina amphepo opangira magetsi ali ndi zaka 14. Akanamukaniza kubwereka poti sadziwa Chizungu bwenzi tikumudziwa?

Chinthu china chomwe chinkandigwirira ntchito zedi, Lachitatu lililonse ndinkawawerengera ine mwini pansi pa mtengo wa mango, mawu a fisi ndikusintha, a nkhalamba ndikusintha, ndikafika pokoma penipeni fisi watsala pang'ono kugwira mwana ndinkatseka buku nkuti tiwonana sabata ya mawa. Phokoso lake! Bukulo ndinkalisiya poonekera, pofika Lachisanu limakhala litadutsa m'manja angapo, ena akuuzana kale mathero ake.

Makatoni anuwo ndikukhulupirira kuti ambiri ndi a Chingerezi, ndiye sakanimo a Chichewa, kafunseni ku National Library Service, ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre komwe. Ndipo mukambirane ndi ahedi mabuku asamatsekeredwe mukabati poopa kung'ambika, ang'ambika ndithu, tepi ilipo. Kope limodzi lolemba dzina ndi tsiku lobwereka ndi lokwanira, ndipo muwapatse anawo kuti azilemba okha, makamaka uja wovuta uja.

Yambani ndi ana 12 kapena 15 basi. Za nthawi muganizire atsikana, ambiri akaweruka amathamangira kunyumba kukatunga madzi ndi kulera ana, ndiye mukaika kalabu masana okhaokha muwataya. Ife tinkakumananso Lolemba pa buleki kuti nawonso apezeke.