Mafunso a Owerenga: Kodi Leicester City Inangochita Mwayi mu 2016?

FUNSO: A Mkonzi, ine ndi achimwene anga takhala tikutsutsana kwa nthawi yaitali za chikho cha Premier League chimene Leicester City inatenga mu mpikisano wa 2015/16. Iwo amati timuyi inangotola nkhwangwa ndi mpini womwe chifukwa matimu akuluakulu a ku England anali ofooka chaka chimenecho, pamene ine ndimati inapambana ndi mphamvu zake. Chonde tiweruzeni.

YANKHO: Achimwene anuwo musawatsutse kotheratu, chifukwa mbali ina ya mfundo yawo ndi yoona. Chelsea, imene inatenga chikhochi mu mpikisano wa 2014/15, inasokonekera mpaka inachotsa mphunzitsi wake José Mourinho mu Disembala 2015, ndipo inamaliza pa nambala 10. Manchester City ndi Manchester United zinathera pa mapointi 66 iliyonse, pamene Arsenal, imene inakhala yachiwiri, inapeza 71 okha. Pa zaka zambiri pamakhala timu imodzi mwa zimenezi yomwe imafika kutali kuposa pamenepa, koma chaka chimenecho panalibe.

Komabe mlanduwu ndaugamula mokomera inu, ndipo chifukwa chake chili m'manambala a Leicester yeniyeniyo. Pa masewero 38 inapambana 23, inafanana mphamvu ndi anzake ka 12, ndipo inagonja katatu kokha: kawiri kwa Arsenal ndi kamodzi kwa Liverpool. Inamaliza ndi mapointi 81, kusiya wachiwiri ndi mapointi 10. Achimwene anuwo muwakumbutse kuti Manchester United inatenga chikho chomwechi ndi mapointi 79 mu 1999 komanso ndi 80 mu 2011, koma palibe amene amanena kuti mphunzitsi wake Alex Ferguson anangochita mwayi zaka zimenezo. Mwayi ungathandize timu pa masewero awiri kapena atatu, koma sungainyamule kuyambira Ogasiti mpaka Meyi.

Chimene chimachititsa anthu kukayika ndi kumene timuyi inachokera. Mu mpikisano wa 2014/15 inakhala pansi penipeni pa ligi kwa miyezi ingapo, ndipo inapulumuka popambana masewero 7 mwa 9 omaliza. Mphunzitsi amene anaipulumutsa, Nigel Pearson, anachotsedwa ntchito, ndipo m'malo mwake munabwera Claudio Ranieri wa ku Italy, yemwe anali atachotsedwa mu Novembala 2014 ku timu ya dziko la Greece itagonja kwa Faroe Islands. Ambiri ankayembekezera kuti Leicester ituluka mu ligi, moti makampani a zobetcha ankalonjeza mapaundi 5,000 pa paundi imodzi kwa aliyense wobetcha kuti itenga chikho.

Ranieri sanabweretse mpira wokongola wopatsirana kwa nthawi yaitali. Anyamata ake ankausiyira mdani mpirawo, n'kutseka njira kumbuyo kumene kunali kaputeni Wes Morgan ndi Robert Huth patsogolo pa goloboyi Kasper Schmeichel, kenako akaulanda ankauponya msanga kutsogolo mdaniyo asanabwerere m'malo. Ntchito yolandayo inali ya N'Golo Kanté, amene anagulidwa kuchokera ku Caen ya ku France anthu ambiri asakumudziwa, ndipo m'kuona kwanga iyeyu ndiye anali msana wa timu yonse ngakhale kuti mayina a ogoletsa ndi amene ankamveka kwambiri. Riyad Mahrez wa ku Algeria anagoletsa zigoli 17 ndipo osewera anzake anamusankha kukhala wosewera wopambana wa chaka chimenecho. Jamie Vardy, yemwe mpaka 2012 ankasewera ku Fleetwood Town kunja kwa maligi anayi akuluakulu a ku England, anamwetsa zigoli 24, ndipo anagoletsa pa masewero 11 otsatizana, kuposa 10 a Ruud van Nistelrooy, amene ankasewera ku Manchester United.

Ngati pali mwayi umene tingavomereze, ndi wakuti Leicester sinali mu mpikisano uliwonse wa ku Ulaya, choncho nthawi zambiri inkasewera kamodzi pa sabata, osewera ake odalirika sanavulale kwambiri, ndipo Ranieri ankatha kugwiritsa ntchito anthu omwewo sabata ndi sabata.

Umboni umene ine ndimaudalira kwambiri ndi wa mwezi wa Febuluwale ndi kutsogolo kwake. Itapambana 3-1 kwawo kwa Manchester City, Leicester inagonja 2-1 kwa Arsenal ndi chigoli cha Danny Welbeck cha mphindi yomaliza, ndipo ambiri anati tsopano yaphwa mpweya. Kuchokera tsiku limenelo sinagonjenso. Matimu anali ataidziwa ndipo anayamba kuitsekera kumbuyo, koma inaphunzira kupambana movutikira, mpaka inagonjetsa Watford, Newcastle, Crystal Palace ndi Southampton motsatizana, onsewo 1-0. Chikho chinatsimikizika pa 2 Meyi 2016 Leicester isali m'bwalo n'komwe, pamene Tottenham, imene inkaithamangitsa, inataya chitsogozo cha zigoli ziwiri n'kufanana mphamvu 2-2 ndi Chelsea.

FUNSO: Wowerenga wina wafunsa kuti ngati timuyi inalidi yamphamvu, nanga bwanji inalephera kuteteza chikho chake?

YANKHO: Kanté anapita ku Chelsea chikho chitangotengedwa, ndipo kumeneko anakatenganso ligi mu 2017, pamene Leicester inasowa womulowa m'malo. Masewero a Champions League anawonjezera ntchito, ngakhale kuti kumeneko timuyi inachita bwino mpaka inafika m'ndime ya matimu 8 omaliza, kumene inatulutsidwa ndi Atlético Madrid. Mu ligi zinthu zinavuta kwambiri moti eni ake anachotsa Ranieri mu Febuluwale 2017, miyezi 9 yokha chitengere chikho, ndipo timuyi inamaliza mpikisano umenewo pa nambala 12.